Kuliza Kainjini ka Ndege Nthawi ya Chisanu

Ife anthu a kuno ku Chitipa sitisowa munthu wotiuza kuti chisanu n'chiyani. Dziko lathu lakhala pamwamba, mamita ngati 1,300 kuchokera pa nyanja yaikulu yamchere, ndipo lazingidwa ndi mapiri a Misuku, a Mafinga m'malire athu ndi Zambia, ndiponso a Nyika chakumwera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imagona m'madambo kufikira dzuwa litakwera, ndipo ku Nyika udzu umadzuka utayera mbuu ndi chisanu. Ana amafika ku sukulu manja ali m'khwapa, osatha ngakhale kugwira pensulo. Koma si anthu okha amene amamva mphepo. Makina nawo amaimva. Mwini chigayo adziwa zimenezi, ndipo mnyamata wa njinga yamoto ya kabaza azidziwanso, pakuti m'mawa wa Julayi amaponda chitsulo kakhumi konse njinga ili duu.

Ine ndifuna kukamba za injini yaing'ono koposa zonse zimene ndinaziona, ndiyo injini ya ndege yoseweretsa. Ndidziwa kuti ena mwa inu, owerenga anga, mudzaseka ndi kunena kuti, "Kodi munthu wamkulu ndithu, woyang'anira sukulu, n'kumatilembera za zidole?" Lezani mtima. Kainjini kameneka n'kochepa ngati chala chachikulu cha kudzanja, koma malamulo amene kamatsata ndi omwewo amene imatsata injini ya lole ndi ya chigayo. Ndipo popeza n'kochepa chotero, munthu atha kukaika pachikhatho ndi kuona ndi maso ake zinthu zimene m'injini yaikulu zimabisika.

Ana athu anayamba kale kupanga ndege za mapesi a chimanga ndi za mawaya, ndipo ena amaikapo tsamba louma kutsogolo kuti lizizungulira akamathamanga. Ndege zimenezo injini yake ndi miyendo ya mwana. Kainjini kenikeni kanafika pa sukulu pathu ndi bambo wina amene anakhala zaka zambiri ku Johannesburg. Iwo anakagula kwa ogulitsa zinthu zakale, pamodzi ndi chitini cha mafuta ake, ndipo ataona kuti kunyumba kalibe ntchito anakapereka kwa ife. N'kamtundu wotchedwa Cox .049, kopangidwa ku America, kumene tiinjini totere tinayamba kugulitsidwa tambirimbiri m'zaka za m'ma 1950. M'mimba mwake, mmene mumaphulikira moto, simungadzaze ngakhale theka la kasupuni ka tiyi, komabe kakalira bwino kamazunguza pulopela koposa ka 10,000 pa mphindi imodzi. Ndege yake tinaipanga tokha ndi mitengo yopepuka. Iyo imamangidwa ku zingwe ziwiri zazitali, ndipo woulutsa amaima pakati pa bwalo nazungulira nayo, monga umo mbuzi imazungulira chikhomo chimene aimangirirapo.

Tsono tiyeni tione mmene kamagwirira ntchito. M'kati muli kachitsulo kotchedwa pisitoni, kamene kamakwera ndi kutsika m'kapaipi kotchedwa silinda. Kakamakwera kamapanikiza mpweya wosakanizana ndi mafuta. Aliyense amene anapopapo njinga adziwa kuti mpope umatentha kumapeto kwake. Kutentha kumeneko kumachokera m'kupanikiza mpweya. Mafuta ake si petulo ayi. Gawo lalikulu ndi mankhwala otchedwa methanol. Gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena kuyandikira pamenepo, ndi mafuta ofewetsa zitsulo, ndipo mudzadabwa kumva kuti amenewa ndi mafuta a nsatsi, nsatsi zomwezi zomera paokha m'mabwinja ndi kuseri kwa makola. Kenaka amathiramo pang'ono mankhwala ena otchedwa nitromethane owonjezera mphamvu.

Pamwamba pa silinda pali pulagi, ndipo m'pulagimo muli kawaya kopiringizika, kopyapyala ngati tsitsi, kopangidwa ndi chitsulo chodula chotchedwa platinum. Pofuna kuliza injini timalumikiza batire la mavoti 1.5, ndipo kawayako kamafiira psuu ngati khala la moto. Khala limeneli ndilo limayatsa mafuta opanikizidwa aja. Chodabwitsa n'chakuti injini ikalira timachotsa batire, koma khala silizima. Chifukwa chake n'chakuti platinum ikakhudzana ndi nthunzi ya methanol imatentha yokha, ndipo moto wophulika m'katimo umaithandizanso. Munthu amene anatchuka ndi nzeru ya pulagi yotere ndi Ray Arden wa ku America, m'chaka cha 1947. Iye asanatero, ndege zoseweretsa zambiri zinkanyamula mabatire ndi mawaya olemera.

Mwezi wa Okutobala, dziko litatentha, kainjini kameneka sikavuta. Mwana amagwedeza pulopela kawiri kapena katatu, basi kalira. Mu Julayi m'mawa ndi nkhani ina. Kamatha kungoti phu, phu, n'kukhala chete, ndipo munthu wosadziwa amaganiza kuti kathyoka.

Chinsinsi chachikulu chili apa, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge mwachifatse. Mafuta akakhala amadzi sayaka. Chimene chimayaka ndi nthunzi yake, yosakanizana ndi mpweya. Amayi ophika kachasu adziwa bwino kuti mphamvu ya mowa imatuluka m'mbiya ngati nthunzi pokhapokha moto uli pansi, ndipo kuti nthunziyo ikadutsa mu mpope wozizira imasandukanso madzi. Ndi mmenenso zilili m'kainjini. Methanol akazizira kufika pansi pa madigiri ngati 11, satulutsa nthunzi yokwanira kuyaka ngakhale mutayandikiza moto. Petulo ndi wosiyana, pakuti iye amatulutsa nthunzi ngakhale kuzizire motani m'dziko lathu lino. M'mawa wa chisanu chitsulo cha injini chimakhala chozizira ngati mwala wa kumtsinje. Mafuta akalowamo amangomata m'makoma ngati mame, ndipo khala lija limasowa chakuyatsa. Ngakhale kutentha pang'ono kobwera ndi kupanikiza kumathawira m'chitsulo chozizira. Injini yaikulu ili ndi mimba yaikulu yosunga kutentha pakati. Yaing'ono ili ngati nsima ya mwana, imene imazizira msanga pamene ya m'mbale yaikulu ikali kutentha.

Mafuta a nsatsi nawo amalimba ndi mphepo, monga umo uchi umalimbira m'botolo. Amene anatsalira m'injini dzulo amagwira pisitoni ngati ulimbo, kotero kuti pulopela imayenda mwaulesi pamene ifunika kudumpha mwamsanga. Batirenso limafooka likazizira. Ambiri munaonapo kuti tochi kapena wailesi yokhala ndi mabatire otha imayamba kugwiranso ntchito pang'ono mukaika mabatirewo padzuwa. Batire lozizira limapereka khala lofiira mwamdima, ndipo khala lotero dontho limodzi la mafuta ozizira limalizima.

Apa ndi pamene pamaonekera khalidwe la munthu. Ndaona anyamata amitundu iwiri. Wina injini ikakana amathira mafuta ena, ikakananso amathira enanso, naganiza kuti ili ndi njala. Mapeto ake silinda imadzaza madzi, khala limamira, ndipo pisitoni imalephera kukwera, pakuti madzi sapanikizika monga mpweya. Akaumiriza ndi mphamvu atha kupinda kandodo kogwira pisitoni, ndipo ku Chitipa kuno palibe sitolo kumene mungakagule kena. Injini yotero amati yamwa. Mankhwala ake ndiwo kuchotsa batire, kutseka mafuta, kuitembenuza chadodolido, ndi kuzunguza pulopela pang'onopang'ono mpaka madzi onse atatuluka. Mnyamata wamtundu wachiwiri amayamba waima ndi kufunsa kuti chikusowa n'chiyani, khala, nthunzi kapena mpweya. Ameneyo ndiye adzakhale mmisiri. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira imene timatsata ndi iyi. Chitini cha mafuta chimagona m'nyumba, m'kabati yokhoma, osati pankhonde. Batire limayenda m'thumba la malaya, pafupi ndi thupi. Tisanayambe kanthu timamasula pulagi, kuilumikiza ku batire, ndi kuiphimba ndi dzanja kuti tione ngati ikufiira bwino. Ikakhala yamdima palibe chifukwa chovutikira ndi pulopela. Kenaka mwana mmodzi amafumbata silinda m'manja mwake kwa mphindi zingapo, kapena timaika ndege pamalo obisika ku mphepo pamene dzuwa likuwomba. Thupi la munthu lili ndi kutentha kwa madigiri 37, ndipo kumeneko n'kokwanira kudzutsa nthunzi ya methanol. Batire lisanalumikizidwe timazunguza pulopela kangapo kuti ulimbo wa nsatsi umasuke. Pamenepo timadontheza madontho awiri okha pa kabowo kotulukira utsi, kulumikiza batire, ndi kugwedeza pulopela mwamphamvu kamodzi n'kamodzi. Ikalira sitichotsa batire msanga monga tichitira m'chilimwe, koma timalisiya kanthawi kufikira chitsulo chitatentha.

Tsiku lina mtsikana wa Sitandade 7 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga bwanji osangodikira masana dzuwa litatentha?" Ndinamuyankha kuti wanena zanzeru, koma pali chovuta chake. Nthawi ya chisanu mphepo imayamba kuwomba dzuwa likakwera, ndipo ndege yopepuka yomangidwa ku zingwe siikonda mphepo. Ikafika mbali imene mphepo ikuikankhira m'kati, zingwe zimakhwefuka, ndipo woulutsa sathanso kuilamula. M'mawa mpweya umakhala bata. Chotero nthawi yabwino youlutsa ndege ndi yomweyo yovuta kuliza injini, ndipo munthu ayenera kusankha vuto limene afuna kulimbana nalo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindilola ngakhale pang'ono, ndicho kuwotha injini pamoto. Alendo obwera kudzaonerera amakonda kunena kuti, "Ahedi, tabweretsani kuno pa mbaula katenthe msanga." Iwo amanena mokoma mtima, koma sadziwa kuti moto wa methanol suoneka masana. Lawi lake ndi lotuwa kwambiri, kotero kuti malaya a mwana atha kuyamba kupsa anthu onse ali kuyang'ana osaona kanthu. Methanol ndi poizoninso. Amaoneka ngati madzi ndipo fungo lake lifanana ndi la mowa, koma munthu akamwa pang'ono chabe atha kuchita khungu, ndipo akamwa wochulukirapo amafa. N'chifukwa chake chitini chimakhala chokhomera, ndipo sindithira mafutawa m'botolo la zakumwa. Pulopela nayo, ngakhale ili yaing'ono, imacheka ngati lumo, ndipo zala zozizira zimachedwa kuthawa. Timaigwedeza ndi kamtengo kokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Injini yozizira imakondanso kumenyera kumbuyo, ndipo ndi bwino kuti imenye kamtengo.

Pambali pa injini pali kachitsulo kosongoka kotchedwa singano, kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya mafuta. Mukakamasula mafuta amachuluka, mukakamanga amachepa. Mpweya wozizira ndi wothinana, ndiye kuti m'kamwa limodzi la injini mumalowa mpweya wambiri, ndipo mpweya wambiri ufuna mafuta ambiri. Motero pa chisanu singano imamasulidwa pang'ono. Koma kuno kumapiri mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi wa kunyanja ku Karonga, ndipo mpweya wopepuka ufuna mafuta ochepa. Zinthu ziwirizi zimakokerana kwina ndi kwina, ndipo palibe buku lolembedwa ku America limene lingatiuze malo enieni a singano pa bwalo lathu m'mawa wa Julayi. Khutu ndilo limaweruza. Mafuta akachuluka injini imabwebweta ndi kulavula utsi wambiri. Akachepa imalira mokweza kwambiri, tswii, kenaka n'kufa mwadzidzidzi itatentha koopsa. Malo abwino ali pakati, chakufupi ndi kubwebweta. Ndaona kuti ana amene amayimba bwino m'kwaya ndiwo amapeza malowo msanga, ngakhale masamu awavute.

Kulinso tiinjini tina ta ndege zoseweretsa topanda pulagi ndi batire, timene tinatchuka ku England itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, monga totchedwa Mills. Timeneti timayaka ndi kupanikiza kokha, ndipo mafuta ake ndi palafini, nsatsi ndi mankhwala otchedwa ether. Ether amawira pa madigiri ngati 35, ndiye kuti atha kuwira m'dzanja la munthu, ndipo nthunzi yake imayaka mosavuta. Vuto lake n'lakuti chitini chikakhala chosatseka bwino ether amathawa yense, n'kutsala palafini wosafuna kuyaka.

Tiinjini timeneti ndi abale a injini ya chigayo, imene inatenga dzina kwa Rudolf Diesel wa ku Germany, amene injini yake inayamba kugwira ntchito bwino mu 1897. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri mpaka utatentha kokwanira kuyatsa mafuta. M'mawa wa chisanu chitsulo chimaba kutenthako, ndipo dizilo amangotuluka ngati utsi woyera wosapsa. Taonani zimene amachita wa chigayo. Amayamba wakweza kachitsulo komasula mpweya kuti gudumu lipepuke, napukusa chogwirira mpaka gudumu lolemera lija litathamanga, ndipo pamenepo amagwetsa kachitsuloko kuti kupanikiza kubwere mwadzidzidzi. Ena amathira madzi otentha m'thanki yoziziritsa injini, ndipo imeneyi ndi nzeru yomweyo ya mwana wofumbata silinda. Ena amayatsa chinsanza ndi kuchiika pakamwa polowera mpweya. Njira imeneyi imagwira ntchito, koma ine sindiikonda, pakuti m'chigayo muli fumbi la ufa ndi zigubu za mafuta, ndipo mwaye wa chinsanza umalowa m'injini. Magalimoto ambiri a dizilo ali ndi mapulagi otenthetsa. Ndiko kuwala kwa kawaya kopiringizika kumene dalaivala amadikira kuti kuzime asanapotokole kiyi. Wa njinga yamoto akakoka choko amachepetsa mpweya kuti petulo achuluke, popeza gawo lina la petuloyo limamata m'makoma ozizira. Onsewa akulimbana ndi mdani mmodzi.

Nkhani za ndege si zachilendo kwa akuluakulu a boma lino. Pamene Chitipa inkatchedwa Fort Hill, bwalo lake la ndege linali lodziwika, pakuti ndege za Wenela zinkatera pamenepo kudzatenga amuna opita ku migodi ya ku South Africa, kudzera ku Francistown. Ndi bwalo lomwelo limene anthu analitseka mu February 1959, pa nthawi yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ine sindinazione ndegezo, koma agogo amene anakwera amasimba za kutsokomola kwa injini zake ndi utsi umene zinkalavula zisanayambe kulira bwino. Ndege za mtundu wa Dakota zili ndi masilinda oikidwa mozungulira ngati masipoko a njinga, ndipo ndege ikagona usiku mafuta ofewetsa amatsikira m'masilinda a pansi. Chotero oyendetsa ankayamba azunguza pulopela kangapo moto usanayatsidwe, kuti aone ngati injini siinamwe. Ana anga atamva zimenezi anakondwa kwambiri, poona kuti chimene iwo amachita ndi kamtengo chinkachitikanso pa ndege yonyamula anthu.

Pali nkhani ina yachisoni imene ndimawauza akafuna kuyesa mafuta achilendo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka ku Francistown, ikubweretsa amuna kwawo kuchokera ku migodi. Anthu 78 anafa, ndipo ambiri mwa iwo anali Amalawi. Ofufuza anapeza kuti mafuta a ndegeyo anali atasakanizika ndi mafuta a ndege za mtundu wina. Pambuyo pa ngoziyo boma la Dr. Banda linaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno. Injini iliyonse inapangidwira mafuta akeake. Spiriti wofiirira wa m'masitolo, ngakhale amafanana ndi methanol, mbali yake yaikulu ndi mankhwala ena amene satenthetsa platinum mokwanira, ndipo petulo m'kainjini kathu sagwira ntchito.

Ena adzafunsa ngati zonsezi zili ndi phindu masiku ano. N'zoona kuti ndege zambiri zoseweretsa tsopano zimayenda ndi magetsi a m'batire, ndipo sizifuna singano kapena nsatsi. Mu 2017 boma la Malawi pamodzi ndi UNICEF linatsegula malo oyesera ndege zopanda munthu, zotchedwa drone, ku Kasungu, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa ndege zotero. Ndimafuna kuti tsiku lina mwana wa ku Kameme, ku Wenya kapena ku Nthalire akaphunzire ntchito imeneyo. Koma batire la drone nalo limafooka ndi chisanu, ndipo amene adzaulutsa ndege yonyamula mankhwala kudutsa mapiri a Misuku m'mawa wa Juni adzayenera kulisunga pofunda monga tichitira ife. Ndiponso ambiri mwa ana athu sadzafika ku Lilongwe. Iwo adzayendetsa zigayo, mapampu othirira m'dimba, njinga zamoto ndi makina okonzera khofi, ndipo injini ikakana m'mawa, kusiyana kwa wodziwa ndi wosadziwa kudzakhala ndalama za mwezi wathunthu zolipira makaniko wochokera kutali.

Chitini chathu cha mafuta chikutha, ndipo timaulutsa ndege kawiri kapena katatu pa teremu. Anyamata afunsa kale ngati nsatsi za kuseri kwa khola zingathandize. Ndawauza kuti mafuta ophikidwa m'mudzi ali ndi madzi ndi zinyalala zimene zingatseke kabowo ka singano, ndi kuti njere za nsatsi ndi zakupha munthu akazitafuna. Tagwirizana kuti agogo ena odziwa kuyenga atiphikire botolo limodzi, ife tidzalisefe ndi nsalu katatu ndi kulisiya likhazikike mwezi wonse tisanayese dontho lake pa pisitoni. Methanol yekha ndiye tilembera makalata kwa abale a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg.